Ndani Adzasambitsa Ambuya

Ambuya, amene anandilera makolo anga atamwalira, anali m'gulu la amayi osambitsa maliro pa mpingo wathu ku Mtendere. Amayiwo anali ana a anthu ochokera ku Malawi, ndipo anali ndi kasambitsidwe kawokawo: poyambira, pomalizira, kamangidwe ka chibwano, nyimbo yoimba potembenuza thupi. Ine ndinkangomva kuti zimenezi zilipo. Lamulo la gululo linali lakuti mkazi amene akadali pa msinkhu wobereka asalowe m'chipinda chosambitsiramo.

Nditakula n'kuyamba kusonkhana ndi amayi Lachinayi, ndinaona kuti ife ovala yunifolomu yatsopano tonse tinkatsala panja pa mochale, pabenchi, akuluakulu akalowa. Mayi wina wogulitsa salaula, zovala za kaunjika, anafunsapo kuti tiyambe kuonerera. Ambuya anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Muthamangira chani, amake mwana? Imfa siithawa. Muzaipeza."

Onse anaseka, nkhani n'kuthera pomwepo.

Koma akuluakuluwo ankatha. Wina mwana wake anamutengera ku Kitwe. Wina anafa ziwalo. Awiri tinawaika chaka chimodzi. Amayi amene akanalowa m'malo mwawo anali atasamukira ku matchalitchi atsopano a m'matenti. Anatsala ambuya ndi mnzawo mmodzi, amene anali atayamba kuiwala ngakhale njira ya kumsika.

Ambuya atagona pamphasa osadzukanso, ndinawapempha kuti andiuze, ndingomva chabe. Anakana.

"Si vokamba na pakamwa, ni voona na maso," anatero. Kenaka anandigwira dzanja. "Koma iwe, osanisiyira anyamata a ku mochale. Mwamuna asakanigwire."

Ambuya atamwalira, tsiku loika maliro tinafika ku mochale m'mawa ndi beseni, sopo ndi zitenje. Mnzawo uja tinamutenga pa minibasi, tikuyembekeza kuti manja ake akumbuka. Tinamulowetsa, tinamukhazika pampando. Anayang'ana thupi nthawi yaitali, kenaka anandifunsa kuti maliro ndi a ndani.

Panja amayi ankayang'anana. Amayi apampando, munthu wa zaka makumi anayi ndi kanthu, anati, "Ine sininaloweko olo kamodzi." Mnyamata wa pamochale anagogoda pachitseko.

"Ba mayi, kuli ena pa mzere. Kapena tikuthandizeni ise?"

Ndinati ayi. Ndinaitana mayi wa salaula uja ndi mnzake, n'kutseka chitseko. Tinawasambitsa ambuya monga ndinkawasambitsira akudwala, kuyambira kumaso. Chibwano ndinamanga ndi kansalu kong'amba pachitenje, mfundo ndinaika pamwamba pa mutu chifukwa sindinaone pena poika. Potembenuza thupi tinaima kaye, aliyense akudikira kuti mnzake ayambitse nyimbo. Palibe anaidziwa. Tinawatembenuza chete.

Mwamuna sanawagwire. Zimenezo zokha ndi zimene ndingalumbire kuti zinayenda monga anafunira.

Masiku ano kukagwa maliro a mayi wa mpingo, amabwera kudzagogoda kwathu. Ndimawauza kuti ambuya sanandiphunzitse kanthu, iwo amati ndikudzichepetsa, mwana woleredwa m'nyumba imene ija sangalephere kudziwa. Lamulo lija linafa lokha, tsopano atsikana amalowa. Amaima pambali panga kuyang'anitsitsa manja anga, ndipo mwezi watha ndinaona mmodzi akuongola mnzake kuti mfundo imakhala pamwamba pa mutu, ndiye mwambo wa makolo.