Joni wa Maola Awiri

Achimwene anga anapita ku Joni pa basi ine ndili Fomu 2, ndipo mpaka lero sanabwereko. Foni ankaimba pa Khirisimasi, kapena kukagwa maliro. Anthu a kutchalitchi akafunsa za iwo, amayi anali ndi yankho limodzi lomwe linkawagonetsa tulo: "Ku Joni n'kutali. Masiku awiri uli pampando, maboda atatu. Mwana angamabwere bwanji?" Ife tinkangovomera.

Kenaka mng'ono wanga anatumizidwa ndi akuntchito kwake ku maphunziro a sabata imodzi ku Joni komweko, pa ndege. Amayi anakonza kamba wa masiku awiri: nkhuku yokazinga, mbatata yophika, mandasi, ndi thobwa m'chigubu.

"Amayi, ndi ulendo wa maola awiri ndi kanthu basi," anatero mng'ono wangayo.

"Joni wake uti wa maola awiri? Usandiyese mwana iwe."

Ku bwalo la ndege la Chileka kambayo anatsala m'manja mwanga. Thobwa salowa nalo m'ndege, ndipo mwiniwake, atatchena suti, sanafune n'komwe kununkha nkhuku pakati pa mabwana ake. Tinadikira mpaka ndege inanyamuka, amayi akuiyang'ana, korona ali m'manja, kufikira inasowa m'mitambo.

Ulendo wathu wobwerera ku Bangwe unayamba pamenepo. Minibasi inachedwa kudzaza. Pa Chirimba inaima, pa Mbayani inaimanso, kondakitala akulimbana ndi thumba la makala la mayi wina. M'tauni tinakwera ina. Ku Limbe amayi anati tigule kaye tomato, n'kuzungulira msika wonse monga mwa chizolowezi chawo. Titakwera yachitatu, ndili wopanikizika ndi chigubu pamiyendo, foni inalira.

"Asisi, ndafika. Kuno kukuzizira. Apatseni amayi."

Amayi anamvetsera, nayankha kuti, "Zikomo Ambuye," n'kundibwezera foni.

Kunyumba anakhala pakhonde osavula nsapato.

"Iyeyu wafika ku Joni ife tisanafike ku Bangwe?"

"Eya, amayi."

"Joni yemweyo wa achimwene ako?"

"Yemweyo."

"Ndiye kuti ndi pafupi."

Mayankho ndinali nawo: tikiti ya ndege si ya aliyense, mwina mapepala awo anatha, mwina ntchito siwalola. Koma zaka zinali zitachuluka kuposa mayankhowo, ndipo amayi sanali chitsiru. Ndinawamvera chisoni, ndipo achimwene ndinawakwiyira kwa nthawi yoyamba. Ndinangolowa m'nyumba kukaika tomato m'mbale.

Lamulungu lotsatira, Misa itatha, mayi wina wa m'mphakati wathu anatipeza pakhomo la tchalitchi.

"Nanga wa ku Joni uja, chaka chino tikamuona?"

Ndinadikira yankho lija la masiku awiri ndi maboda atatu. Amayi anakonza duku lawo pang'onopang'ono.

"Sindikudziwa," anatero. "Mwina sakufuna."