Zhor ndi Purosesa Yoyendayenda

Taganizirani m'mawa wamba mumsika wa Derb Ghallef ku Casablanca, zitseko zachitsulo zikukwezedwa, wogulitsa tiyi akuzemba anthu m'tinjira tothina. Pakati pa ogulitsa mafoni pali kashopu ka Zhor Belkhayat, mayi wokonza makompyuta. Ndinamuphunzitsa masamu ali mtsikana. Sankafulumira kuyankha, koma ankafunsa mafunso mpaka anzake kutopa, ndipo khalidwelo sanalisiye.

Tsiku lina ndikucheza naye, anafika bambo wina dzina lake Si Mbarek, wojambula maukwati, atakumbatira kompyuta ngati mwana wodwala. M'kati mwake munali vidiyo ya ukwati wa mwana wa mnansi wawo. Akwatiwo ankanyamuka Lachisanu kupita kunja kwa dziko, ku Marseille, ndipo mayi a mkwatibwi anali ataitana kale abale kuti adzaonere limodzi. Kompyuta ukaiyatsa fani inkazungulira, koma sikirini inali bii.

Zhor anawafunsa chimene anasintha. Iwo analumbira kuti sanakhudze kanthu.

"Nonse mumatero, amalume," anatero Zhor. "Makompyuta a mumzinda uno amangodwala okha."

Si Mbarek anaseka mwamanyazi n'kuvomera. Pofuna kuti ntchito ifulumire, anagula purosesa yatsopano, kachitsulo kamene kali ubongo wa makinawo, n'kuiika okha.

Zhor sanathamange. Ankachotsa chipangizo chimodzi, kuyatsa, kumvetsera, kenako kuchotsa china. Zonse zinali bwinobwino. Atawerenga nambala ya pa bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta, pamene pamalumikizidwa zipangizo zonse, nkhope yake inawala monga inkachitira m'kalasi. Anatifotokozera kuti bolodilo ndi lakale, purosesa yatsopanoyo silikuidziwa. Pamafunika kuliikira kapulogalamu katsopano, koma kuti lilandire, kompyuta iyenera kuyaka kaye ndi purosesa yakale. Iye analibe ya mtundu umenewo.

"Yakale ija ili kuti?"

Si Mbarek anayang'ana pansi. Anachita zimene aliyense amachita mumsika muno: anaisiya kwa wogulitsa yatsopano ija kuti awatsitsire mtengo. Ndipo muno chinthu sichikhalitsa pa tebulo limodzi.

Zhor anatseka shopu, ife tinamutsatira. Wogulitsa uja anati anaipereka kwa mlamu wake. Mlamuyo, atatimwetsa kaye tiyi, anakumbukira kuti anaiika m'kompyuta ya Lahcen wometa tsitsi. Tinampeza Lahcen akumeta munthu, mpira ukuoneka pa kompyuta yomweyo. Anakana kwamtuwagalu, ati makasitomala ake amabwerera mpira, tsitsi ndi chonamizira chabe.

"Tibwerekeni masana ano okha," anatero Zhor. "Si Mbarek adzajambula phwando la mdulidwe wa mwana wanu."

"Ndanena liti zimenezo, mwana wanga?" anadandaula Si Mbarek.

"Mwanena pompano. Aphunzitsi amva."

Ndinagwedeza mutu, ndipo Lahcen anazimitsa mpira.

Titabwerera, Zhor anaika purosesa yakale, sikirini n'kuwala. Analowetsa kapulogalamu kaja atatichenjeza kuti wina asayerekeze kukhudza waya. Kenako anabwezera yatsopano ija, kompyuta inayaka. Abale a mkwatibwi anaonera vidiyo yawo Lachinayi.

Funso limene linamutsalira Zhor linali lakuti ndi angati ataya makompyuta abwino chifukwa cha zomwezi. Anayamba kutolera mapurosesa akale amene anzake ankawaona ngati zinyalala. Lero ali ndi dilowa yodzaza ndi mapurosesawo, ndipo okonza makompyuta a mumsika wonse amabwereka kwa iye.