Mabuku atatu ndi makompyuta osalankhulana

Ndinayamba ukalaliki pa kachipatala ka pa esiteti ina ya tiyi ku Mulanje mwamuna wanga atapita kale ku Joni. Mwana wathu ndinamusiya kwa amayi aang'ono ku Blantyre chifukwa cha sukulu. Kampani inandipatsa nyumba yakumapeto kwa mzere, yoyang'anizana ndi munda wa tiyi. M'nyumbamo munali ine, bedi, tebulo ndi wailesi yomwe inkagwira bwino mawu a ku Mozambique kuposa akwathu.

Ntchito yanga inali yolowetsa mayina a odwala mu kompyuta. Pachipatalapo panali makompyuta atatu: yanga ya pakhomo, ina ku labu, ina m'chipinda cha adokotala. Waya wowalumikiza unalipo kudenga, koma mapulogalamu ake sankadziwana. Wodwala akayezetsa magazi, bambo wa ku labu ankalemba zotsatira mu kompyuta yake, n'kuzilembanso pa kapepala, wodwalayo n'kunyamula kapepalako kudutsa pabwalo.

Tsiku lina la chiperoni, mayi wina wothyola tiyi anafika kwa adokotala kapepala katanyowa, inki itafufutika. Pobwerera ku labu anapeza potseka, mwiniwake atapita ku boma kukatenga zipangizo. Mayiyo anakhala pabenchi moyang'anizana nane mpaka dzuwa kupendeka, malungo akumugwedeza, osadandaula ngakhale pang'ono. Zotsatira zake zinali mu kompyuta, kuseri kwa chitseko chomwe tonse tinkachiona. Ndinamupatsa juzi yanga kuti afunde. China choti ndichite panalibe.

Ku koleji ndinaphunzirako pang'ono kulemba mapulogalamu, ndiye nkhani ya mayiyo sinandichoke. Patapita masabata kunabwera bambo wina wokonza mawaya a makompyuta, wochokera ku Limbe. Ali pamwamba pa makwerero ndinamufunsa ngati makompyutawa angamauzane zinthu.

"N'zotheka, achemwali," anatero ali ndi waya kukamwa. "Masiku ano amapanga ndi masevisi. Pulogalamu iliyonse imakhala payokha, koma imakhala ndi kawindo. Inzake ikafuna kanthu imapempha pa kawindopo, iyo n'kuyankha. Ine sindizidziwa bwino. Pezani buku."

Buku loyamba ndinalipeza pa msika wa Chinakanaka, kwa munthu woyala mabuku akale pa chiguduli pafupi ndi ogulitsa zinanazi. Linali lalikulu ngati njerwa ziwiri, la chikuto cholimba, mapepala ake osalala. Ndinalikumbatira mu minibasi ngati ndanyamula khanda. Ndikaweruka ndinkakhala pakhonde n'kumaliwerenga mpaka kuwala kutha, ndikukopera matanthauzo m'kope monga mwana wa Fomu 4.

Linali lodzaza ndi zithunzi za mabokosi ndi mivi. Bokosi ili likuloza ilo, ilo likuloza mtambo, mtambowo ukuloza mabokosi ena asanu. Mutu uliwonse unkalonjeza kuti kampani yotsatira njira imeneyi idzakhala yochangamuka, yosavuta kusintha, yopambana anzake. Ndinkati mutu wotsatirawo ndiye undiuza chochita. Ndinafika kumapeto patatha miyezi iwiri, osapeza ngakhale mzere umodzi woti ndilembe mu kompyuta. Ndikanatha kuima pamsonkhano n'kulankhula za masevisi ola lathunthu, anthu n'kuwomba m'manja, koma nditakhala pa kompyuta sindinadziwe poyambira.

Lamlungu lililonse ndinkakwera njinga ya kabaza kupita ku Limbuli kukaona ababa. Anagwira ntchito yokonza makina pa fakitale ya tiyi moyo wawo wonse, ndipo atapuma ankalima chimanga ndi nandolo kuseri kwa nyumba. Chizungu ankawerenga movutikira, koma tsiku lomwe ndinapita nalo bukulo analitenga, n'kuliyeza kulemera m'manja, n'kumatsegula masamba pang'onopang'ono.

"Mwanawe, wolemba uyu anagwirapo sipanala?"

"Ababa, za makompyuta sizifuna sipanala."

"Ndikudziwa. Ndikufunsa ngati anadetsapo manja."

Anandiuza kuti ku fakitale kunali mabuku amitundu iwiri. Ena ankabwera pamodzi ndi makina, okongola, ndipo ankakhala mu ofesi ya bwana osadetsedwa. Ena anali ong'ambikang'ambika, akuda ndi girisi, chifukwa ankanena bawuti yoyamba kumasula ndi yomwe imaluma chala. "Ili ndi la mu ofesi," anatero, n'kundibwezera. Kenako anandipakulira nyemba za kalongonda.

Buku lachiwiri ananditumizira ndi msuweni wanga wa ku Blantyre, kudzera kwa kondakitala wa minibasi. Nditalitsegula mtima unakhala pansi, pakuti pafupifupi tsamba lililonse linali ndi mizere ya pulogalamu yoti munthu akopere. Koma mutu woyamba unati nditsitse kaye zida zinayi pa intaneti, ndipo wolembayo anawonjeza kuti zimenezi zingotenga mphindi zochepa. Mwina kwawo. Pa esiteti pathu netiweki inkagwira pamalo amodzi, pachitunda cha kuseri kwa thanki ya madzi. Loweruka ndinkabwereka laputopu yakale ya asisita, namwino wamkulu wa pachipatalapo, n'kukakhala pachitundapo ndi ambulera. Kawiri konse chida chachikulu chinaduka chitatsala pang'ono kutha. Loweruka lachitatu chinatsika chonse, koma chinali chamtundu watsopano. Mabatani omwe bukulo linkati ndidine kunalibe.

Ndinalimbana nazo mpaka ndinafika mutu wachitatu. Apo chitsanzo chinakana. Ndinachikopera kanayi, chilembo ndi chilembo, chala chili pa mzere, koma kompyuta inkangobweza mawu ofiira omwe bukulo silinawatchule paliponse. Masabata awiri ndinakhala ndikudziona ngati mbuli. Ndinayamba kuvomereza zomwe akazi anzanga a pamzere ankanena, zoti zinthu izi si za munthu ngati ine. Kenako ndikuwerenga mutu wachisanu ndinaona chitsanzo chomwecho atachibwereza, chili ndi mzere umodzi womwe m'mutu wachitatu munalibe. Anauiwala posindikiza. Kumapeto kwa bukulo analemba kuti zolakwika zonse anazikonza pa tsamba lawo la pa intaneti. Ndinakweranso pachitunda paja. Tsambalo linali litafa kalekale.

Chomwe chinandipweteka kwambiri si masabata awiriwo ayi, koma kusowa womuuza. Ndikanakhala ndi mnzanga mmodzi yekha woti ayang'ane n'kunena kuti vuto ndi buku, si iwe, bwenzi titaseka n'kupitiriza. Asisita anali munthu wabwino, koma akandiona ndi buku ankangoti, "Mukufuna mutithawe eti, akalaliki?" Mwamuna wanga nditamufotokozera pa foni anangofunsa kuti zimenezo zindithandiza chiyani. Nthawi imeneyo n'kuti atayamba kale kuimba patalipatali. Madzulo azimayi a pamzere ankacheza pa mpopi m'Chilomwe, chomwe ndimamva koma kuyankha chimandilemera lilime, ndipo ndikafika ankasinthira ku Chichewa mwaulemu. Ulemu umenewo unkandikumbutsa kuti ndine mlendo, ngakhale kwathu kunali kongokwera njinga.

Zitsanzo za m'bukulo nazonso zinali za dziko lina. Zonse zinali za kugula matikiti a ndege ndi kusungitsa zipinda m'mahotela. Palibe pomwe wolembayo anaganizapo kuti magetsi angazime pulogalamu ili pakati pa kuyankha. Kwathu ankazima mvula ikangoyamba kugunda.

Buku lachitatu silinali buku kwenikweni. Bambo wa mawaya uja atabweranso anatulutsa m'chikwama mwake mapepala afotokope omangidwa ndi pulasitiki yopota. "Ndinakumbuka funso lanu. Izi wina anazisiya ku ofesi kwathu, palibe akuzifuna." Chikuto panalibe, tsamba loyamba linali litathothoka, choncho mpaka lero sindidziwa dzina la bukulo kapena la wolemba wake.

Linali lopyapyala, ndipo silinalonjeze kanthu. Linayamba ndi kanthu kakang'ono: pulogalamu imodzi ifunse nthawi, inzake iyankhe. Mizere yake inali yosakwana theka la tsamba, ndipo zida zomwe linkafuna zinali kale mu kompyuta yanga. Ndinakopera, ndinadina, yankho linabwera. Ndinadinanso kasanu kungofuna kuona likubweranso. Tsamba lotsatira linati tsopano ndizule waya ndione chomwe chichitike. Ndinazula. Mawu ofiira anatuluka, ndipo mawu omwewo anali m'bukumo, pansi pake atafotokoza tanthauzo lake ndi chochita. Aka kanali koyamba kuti buku livomereze kuti zinthu zimawonongeka. Mutu wina wonse unali wonena za pulogalamu yomwe yapempha koma sinayankhidwe: idikire nthawi yotani, ipemphenso kangati, isunge pati uthenga kuti usatayike.

M'mbali mwa masamba munali zolemba za pensulo za munthu yemwe analiwerenga ine ndisanalipeze. Zilembo zake zinali zing'onozing'ono, zopendekera kumanzere. Pena ankakonza cholakwika, pena ankangoika chizindikiro cha funso. Pamalo ena ovuta analemba m'Chichewa kuti, "Apa ndiye ndagwa nayo." Ndinaseka ndekha pakhonde mpaka mayi wa nyumba yoyandikana nayo anasuzumira. Kwa milungu ingapo ndinkamva ngati tikuwerenga awiri. Pa mutu wachisanu ndi chimodzi pensulo ija inasiya. Ndinatsegula masamba onse otsala kufunafuna ngakhale kadontho, osakapeza. Kaya anasiyira pomwepo, kaya anamvetsa zonse moti sanafunenso kulemba, sindidziwa. Tsiku limenelo sindinawerengenso.

Bukuli nalonso linali ndi zofooka zake. Za kuteteza zinsinsi linangozikhudza m'masamba atatu, pomwe kwa ife a chipatala imeneyo ndiyo inali nkhani yaikulu. Masamba akumapeto anali otuwa, inki ya makina afotokope itatha. Pa za zinsinsizo ndinabwerera ku buku lachiwiri lija, ndikulikayikira pa mzere uliwonse, ndipo mutu umenewo unapezeka kuti unali wolongosoka.

Adokotala nditawapempha chilolezo choika kapulogalamu komwe ndinalemba m'makompyuta a pachipatala anangoti bola ndisaononge kanthu. Bambo wa ku labu ndiye anavuta.

"Ndiye kuti muziona zonse za mu kompyuta yanga?"

"Ayi, achimwene. Ine sindiona kanthu. Adokotala okha ndiwo azipempha, ndipo azilandira za wodwala yemwe ali patsogolo pawo basi."

Anasuntha mpando wake kuti ndifike pa kompyutayo.

Zinatheka Lachitatu lina m'mawa. Bambo wina wolondera anayezetsa magazi, ndipo asanamalize kudutsa pabwalo zotsatira zake zinali zitaoneka kale kwa adokotala. Ine ndinaima pakhomo pa adokotala ndikuonerera. Adokotala anayang'ana, n'kugwedeza mutu. "Aa, zabwino. Itanani wotsatira." Ndinaitana wotsatira. Pa nthawi ya nkhomaliro ndinapita pachitunda n'kuimbira mwamuna wanga. Foni yake inali yozima.

Ababa ndiwo anamvetsera mpaka kumapeto. Anafunsa funso limodzi: "Nanga magetsi akazima?" Ndinati uthenga umasungika, akayaka umapita wokha. Anagwedeza mutu n'kunena kuti tsiku lina adzabwera kudzaona, koma miyendo inali itayamba kale kuwavuta, ndipo sanabwere.

Kapulogalamu kanga kanagwira ntchito mvula ziwiri. Kenako kampani inagula pulogalamu yaikulu ya zipatala zake zonse, ndipo kunabwera anthu atatu ochokera ku Blantyre kudzaiika. Mmodzi anali mayi wa msinkhu wanga, wovala jinzi. Iye ndiye anapatsidwa ntchito yochotsa zakale. Atatsegula kompyuta ya ku labu anawerenga zomwe zinalimo, kenako anafunsa kuti analemba izi ndani. Bambo wa ku labu anandiloza.

"Ndinu? Munaphunzira kuti?"

"M'mabuku, pakhonde."

Anakoka mpando wina kuti ndikhale. Anandifunsa chifukwa chomwe ndinasankhira kuti pulogalamu ipemphe katatu, osati kasanu. Anandionetsa pamalo pomwe uthenga umodzi ukanatha kupita kawiri, ndipo ananena zoona, ndinali ndisanapaone. Penapake anaseka n'kunena kuti naye poyamba ankalemba choncho. Njira imeneyi, anatero, anthu ayamba kuisiya, kwabwera ina yopepukirapo, koma maganizo ake ndi omwewo. Ndinalankhula mofulumira ngati munthu womasulidwa pakamwa, mawu akupondana. Zaka zonse zija ndinali ndisanakambepo za ntchitoyi ndi munthu woyankha.

Sitinathe ngakhale theka la ola. Panja galimoto inaliza hutala, anzake akufuna akafike pa chipatala china mvula isanatseke msewu. Anakopera kapulogalamu kanga pa fulashi, n'kundipatsa m'manja, kenako anakachotsa mu kompyuta. Ananyamula chikwama n'kuthamangira ku galimoto, dzanja lili pamutu. Sitinapatsane nambala. Ndinakumbuka zimenezo galimoto itakhota kale kuseri kwa mitengo ya bulugamu, ndipo pabenchi panali odwala asanu ndi mmodzi akudikira kuti ndiwalembe.