Chithunzithunzi cha Bambo a Tadala

Ndili m'kalasi yojambula, koma kalasiyo ndi khonde la nyumba yathu. Mphunzitsi ndi Nachisale, mnzanga amene timapatsana mchere pampanda. Ndikujambula pachinsalu amuna anga atakhala pampando, dzuwa likuwawomba kumanzere.

"Chithunzithunzi sapaka ndi penti wakuda, asisi," akutero Nachisale. "Sakanizani buluu ndi bulawuni, chigwere kumene kulibe dzuwa."

Ndikuchigoneka kumanja, mofulumira, poti penti wa akiriliki sachedwa kuuma. Pamene ndikutsuka burashi, chithunzithunzi chija chadzuka, chikukwawira kudzuwa komweko, kukhomo kwa Nachisale. Ndikuchikwirira ndi penti woyera. Chikutulukanso, chitagwira m'chiuno chithunzithunzi china chovala chitenje changa chachikasu, chomwe Nachisale anabwereka popita ku chinkhoswe.

"Bambo a Tadala, mukupita kuti?" ndikuwafunsa amuna angawo.

"Inetu ndili pompano," akuyankha ali phee pampando.

Nachisale akusuzumira chinsalucho, akumwetulira. "Apa ndiye mwakhoza, asisi. Musakhudzenso, penti wauma."

Ndadzuka kutulo mtima ukuwawa. Nachisale waodira m'mawa uno kudzapempha mchere, ndamuuza kuti watha.