Chiuno changa ndi ukwati wa ku Amaramba

Chiuno chinandizunza ine, anthuni, chinandizunza! Ululu unkayambira m'chinena, n'kuzungulira kumbuyo, n'kutsikira m'ntchafu. Kukhala pa mpando, moto. Kukhala pa njinga, ndiye musanene. Ndipo kuno ku Chiuta ukalephera njinga walephera ulendo. Mdzukulu wanga wamkazi, amene ndinamulera ndekha, ankayembekeza kukwatiwa ku Amaramba tikakolola. Ndikafika bwanji ine?

Ndinkachita zimene amayi anandiphunzitsa nditabereka mwana woyamba: chiuno chikawawa, manga. Ndinkapota kapulana, chitenje chathu chija, ngati chingwe n'kumanga pansi pa mchombo, ndi! Ululu ukakula, ndinkaonjezera ina. Ndinkayenda ngati mtolo wa nkhuni, nditaluma mano, mimba nditaikoka.

Mwana wanga wamwamuna anatopa nazo. Anandigoneka pa matumba a chimanga m'galimoto yopita ku Entre Lagos, kumeneko tinakwera komboyo, sitima ya pamtunda ya ku Cuamba, ine chiimire njira yonse. Kuchipatala atandipima ananditumiza ku chipinda cha fiziyoterapiya, chimene anzathu obwerera ku Malawi amati mafizo. Ndinapezamo dotora wamkazi, wamng'ono ngati mdzukulu wangayo.

"Avovo, wakumangani chonchi ndani?" anandifunsa, kunditchula agogo m'Chipwitikizi.

"Ndadzimanga ndekha, mwana wanga. Ndikamasula, zam'katimu zigwa pansi."

Anaseka mpaka kugwira khoma. "Palibe chimene chigwe. Minofu ya m'munsimu mwaikunga usana ndi usiku, yatopa, ndiyo ikulira. Tiyeni tiiphunzitse kumasuka."

Anamasula makapulana anga, anandigoneka chagada, maondo m'mwamba, dzanja pamimba. Kokani mpweya mimba itupe, tulutsani pang'onopang'ono. Kenako maondo agwe uku ndi uku. Kenako gwadani, khalirani zidendene, chipumi pansi, manja kutsogolo.

"Nanga jekeseni?"

"Jekeseni wake ndi yemweyu, avovo, tsiku ndi tsiku. Ndipo mudzabwerenso ndidzakuoneni."

Kunyumba ndinayala mphasa kuseri, pansi pa mtengo wa mango, dzuwa lili pamutu. Kwathu kuno mayi akagona chagada masana, maso atatseka, ndiye kuti zavuta. Mlamu wanga anabwera kudzabwereka sefa, anangoti andione, n'kuponya lichero limene ananyamula.

"Mayo ine! Atisiya! Atisiya!"

Anthu thamangethamange, ena makasu ali m'manja. Ndinatsegula diso limodzi.

"Ndili moyo, alamu! Ndi za kuchipatala izi."

"Chipatala chanji chotambalalitsa nkhalamba ngati chule? Manyazi mulibe?"

"Manyazi andifikitsa ku Amaramba?"

Amuna anabwerera akuyang'ana kumwamba, akazi anakhala pansi ndi kuseka. Kuyambira pamenepo ndinkachitira m'nyumba, mlamu ali pakhomo ngati mlonda.

Sizinathe msanga, ayi. Masiku ena ululu unkabwerera, ine n'kulira, dzanja n'kumafuna kumanganso. Koma chimanga chili kuuma ndinakhala pa mpando mpaka kumaliza kudya. Ndinabwerera kwa dotora uja, anandionjezera zonjuta nditagwira mtengo. Ndinayesa njinga kukafika pa mjigo, kenako kumsika. Ee, kumsika, ine!

Tsiku la ulendo mwana wanga anamangirira kathumba ka masanza kumbuyo kwa njinga, ndinakhala cham'mbali. Njinga kudukudu m'mchenga, kudukudu m'mabampu. Chiuno chikayamba kudandaula ndinkati imani, n'kutsika, n'kugwada m'mphepete mwa chinangwa cha eni, chipumi pansi. Ogulitsa nsomba ankadutsa mwakachetechete, akuyesa ndikuswali.

Tinafika ng'oma zitayamba kale. Mdzukulu wanga anali atakhala pa mphasa, nkhope pansi monga achitira akwati. Ndinatsika ndekha, ndinaimba nthungululu yanga ija yaitali. Anaidziwa! Anaiwala mwambo, anadzuka, anathamanga, azakhali ake akumukalipira kumbuyo.

"Agogo, mwabwera pa njinga?"

"Pa njinga, mwana iwe! Patuka, chiwoda chikundidikira."

Ndinalowa m'bwalo, ndinavina, ndinavinanso, mpaka woimba ng'oma anapempha madzi.