Kusambitsa Olipa

Alinesi Chikaipa anabadwira m'komboni ya mgodi ku Bindura, bambo awo atachoka ku Dedza kudzaphwanya miyala. Kwawo kwa makolo sanapondeko, koma mwambo anaugwira. Akamwalira mayi wa mtundu wa Chimalawi, kaya kulokeshoni ya Aerodrome kaya m'mafamu a ku Matepatepa, wosambitsa maliro anali iwowo. Mtembo wolemera ankautembenuza okha, uku akuulankhula ngati mwana wokana madzi.

Chaka chatha chibayo chinawagwetsa. Anakagona ku Harare m'chipinda cha odwala mwakayakaya, makina akuwapumira. Moyo anatuluka nawo, koma mphamvu zinatsala komweko. Miyendo inasanduka mapesi. Kapu ya tiyi ankaigwira ndi manja awiri, tiyiyo n'kumatayikirabe pachifuwa. Kuti adzuke pampando, mpongozi wawo Sekai, Mshona wa ku Shamva, ankachita kuwalowa kukhwapa. Adokotala anati okalamba akagona nthawi yaitali pamakina minofu imafooka choncho, ndipo imabwerera mochedwa.

Amayi a kutchalitchi akabwera kudzazonda ankati, "Mwachiratu, mayi." Alinesi ankangoyang'ana kukhoma. Kuchira kwanji kolephera kumanga mpango kumutu?

Kenako anamwalira Olipa, mnzawo amene anakulira naye mzere umodzi wa nyumba m'komboni muja.

"Amayi, khalani pakhomo," anatero mwana wawo Langton. "Simungathe."

"Olipa asambitsidwe ndi alendo ine ndikupuma? Kapezeni galimoto."

Anawanyamula mpaka m'chipinda cha malemu, n'kuwakhazika pamphasa pafupi ndi beseni. Ananyika kansalu m'madzi ofunda. Pofuna kukafinya, zala zinakana. Anayesanso, madzi akungoyenderera m'zigongono. Atakweza mkono wa Olipa kuti apukute kukhwapa, mkonowo unawapulumuka n'kugwera pansi. Amayi ena awiri amene anali m'chipindamo anaweramitsa mitu.

"Mai Fungai," anaitana Sekai mwaukali, pomutchula ndi dzina la mwana wake, "gwadani apa."

Sekai anali asanakhudzepo mtembo. "Ndinotya, amai," ananong'ona m'Chishona, kuti akuopa.

"Akulumani? Yambani kumaso. Osati choncho, mukukwecha poto? Muuzeni kuti mukumutembenuza."

Sekai anapukuta, anadzoza mafuta, anamanga chibwano, misozi ikugwera pa nsalu. Alinesi manja ali pamiyendo ankangolamula. Ntchito itatha, amayi aja anawadzutsa pamphasa ngati thumba la chimanga, anthu a pakhomo akuona.

M'galimoto pobwerera Sekai anafunsa, "Ndagwira bwino, amai?"

"Chibwano mwamanga mokhwepa."

Linali bodza, ndipo Alinesi ankadziwa. Mfundo ija inali yabwino kuposa imene iwo anamanga tsiku lawo loyamba. Koma sanamuyamike.

Lero amayenda ndi ndodo mpaka pageti, akatero n'kupuma. Mpira wofinya wolimbitsira zala umene anawapatsa kuchipatala anauponya kuseri kwa kabati, kenako anatuma Langton kuti akautole. Ku maliro amapitabe, mpando wawo wapulasitiki uli m'manja mwa Sekai. Amakhala pakona, maso ali pa beseni, kudikira kuti wina alakwitse.