Dzinja Limene Mlongo Wanga Ananenepa

Lachiwiri, pa 3 Febuluwale, ndinali pakhonde ndikulimbana ndi kansapato kobiriwira ka pulasitiki. Tsikuli ndimalikumbukira chifukwa ndinalilemba. Ndinali mwana wamanyazi, ndipo zimene zinkakana kutuluka pakamwa ndinkazilemba kumapeto kwa kope la masamu. Kansapatoko kanali ka mlongo wanga wamng'ono, wa zaka ziwiri. Abambo anamugulira pa Khirisimasi, ndipo nthawi imeneyo kankavuka kokha akamathamanga. Tsopano phazi linkakana kulowa. Nditakankha, mwana anayamba kulira kulira kwake kwa masiku amenewo, kopanda mphamvu, ngati kamwana ka mbuzi kakulira kutali.

"Musiye," anatero amayi akumwetulira. "Sukuona kuti mwamuna akukula?"

Linali dzinja la njala. Chimanga chinali chitangotulutsa ngayaye, ndipo m'nkhokwe munatsala fumbi la anankafumbwe. Abambo anali atawoloka malire kupita ku Zambia kukagwira ganyu m'minda ya fodya kuti abwere ndi chimanga. Amayi anali oyembekezera, choncho mwana anamuletsa kuyamwa mwadzidzidzi, monga amachitira kwathu. Tinkadya kamodzi patsiku, dzuwa likapendeka: nsima ya gaga ikapezeka, ndi nkhwani wopanda nsinjiro, poti mtedza wonse tinagulitsa kwa mavenda nthawi yokolola. Mwana ankamwa phala la gaga yemweyo, lamadzimadzi, lothira mchere basi.

Ana a m'mudzi mwathu anali nthiti zokhazokha. Wathu yekha ndiye anayamba kudzaza. Masaya anatuluka, mapazi anakhuthala, timanja tinalowa mizere ngati ta khanda lokhuta bere. Kumjigo azimayi ankamulandira ndi nthabwala.

"Taonani abwana afika! Anzathu, mukuwadyetsa chiyani? Thumbalo mwabisa pati?"

Dzina linakhala lomwelo, Bwana. Kwathu kuuzidwa kuti wanenepa ndi kuyamikiridwa, ndipo amayi, amene chaka chimenecho analibe china chonyadira, ankamukweza bwino kumsana kuti onse amuone. Ine ndinkangoyang'ana pansi, mtima uli mbee, chifukwa ndinkakhulupirira kuti ndamunenepetsa ndine.

Kusukulu, mu Sitandade 6, ndinkakhala desiki limodzi ndi mtsikana wina, mwana wa mwini golosale yaikulu pa Kamwendo, amene analinso ndi lole yokatenga katundu ku Chipata. Tonse tinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, koma yunifolomu yake inkadya nsalu ya munthu wamkulu. Anyamata ankamutcha Nkhokwe. Akamalowa m'kalasi ankakuwa, "Nkhokwe yafika, njala yatha!" Akakwera kachitunda ka kusukulu ankapuma mokoka ngati pampu ya njinga. Kumbuyo kwa khosi lake kunali kwakuda bii, ndipo ana ankati sasamba. Ankasamba. Anandionetsa pamene anadzikhula ndi mwala mpaka kutuluka magazi, koma kudako sikunachoke. Tinagwirizana chifukwa tonse tinalibe anzathu: iye ankamuseka, ine sindinkalankhula. Ankanditcha Nachete.

Nthawi yopuma ikakwana ankatsegula chikwama chake. Munkakhala mabisiketi a kirimu, tchipisi cha m'mapaketi, mandasi, ndi botolo la chakumwa chofiira chimene chinkasiya utoto pa lilime. Mapepala ena anali ochokera ku Joni, ena anali ndi zilembo zopindikapindika zimene ngakhale aphunzitsi sakanawerenga. Mwezi wa Januwale makolo ake anapita naye kwa dokotala ku Lilongwe chifukwa cha kupuma kuja, ndipo dokotala anati achepetse kudya zotsekemera ndi zamafuta. Amayi ake anakana.

"Ati mwana wanga aonde? Kuti anthu azitiloza zala kuti m'nyumba muja mwalowa matenda?"

Anandiuza mawu amenewa iye mwini, akuwayeseza amayi akewo. Lero ndimawamvetsa mayi aja. Nawonso anakulira m'mudzi, anaikapo azibale awo m'manda, ndipo kwa iwo thupi la mwana linali linga lotchinga zonse zimene anathawa. Choncho chikwama chinkadzazabe m'mawa uliwonse, ndipo mnzangayo ankandikankhira theka pansi pa desiki.

"Tandithandiza, Nachete. Ndikabwerera nazo akandikalipira."

Ndinkadya bisiketi imodzi, pang'onopang'ono, kuti ikhalitse m'kamwa. Zotsalazo ndinkakulunga m'kampango kupita nazo kwa Bwana. Ndinkazinyika m'madzi n'kumamudyetsa ndi chala kuseri kwa khitchini. Ndiye masaya aja atatuluka ndinati ndi ntchito ya manja anga.

Tsiku lina aphunzitsi a sayansi anatiuza kuti kumayiko akutali kuli ana amene amadwala chifukwa chodya kwambiri, ndipo chakudya chotsala amachitaya m'mabini. Kalasi yonse inaphulika.

"Aphunzitsi, mabiniwo ali mbali iti? Wapansi tingafike?"

Kenaka mnyamata wina kumbuyo anati, "N'kupitiranji kutali? Ulaya tili naye momwemuno." Mitu yonse inatembenukira pa desiki lathu. Mnzanga anayamba kukanda thabwa ndi chikhadabo. Ambiri m'kalasimo tinali tisanalawe kanthu kuyambira dzulo lake, ndipo kuseka kwa munthu wanjala kumakhala ndi mano. Ndinafuna kumugwira dzanja, koma ndinaopa maso a anthu.

Pakati pa mwezi Bwana anasiya kuseka. Kenaka anasiya kuyenda. Ankangokhala pamene wamukhazika, zikope zolemera, kuyang'ana malo amodzi. Bisiketi ankaikankha ndi dzanja. Tsitsi lake linafiira n'kufewa ngati ndevu za chimanga, ndipo khungu la m'ntchafu linayamba kusupuka ngati penti wa khoma lakale. Koma thupi linkakulirakulirabe, ndiye kumjigo nthabwala zinkapitirira, ngakhale kuti azimayi ena achikulire anayamba kumuyang'ana n'kupukusa mitu.

Lamlungu masana ndikumusambitsa m'beseni, ndinamugwira phazi mwamphamvu kuti asaterereke. Nditachotsa dzanja, pamene panali chala changa chachikulu panatsala kadzenje. Ndinadikira kuti kadzaze. Sikanadzaze. Kanangokhala pomwepo ngati ndadinda dongo loumbira mphika. Phazilo linali lozizira ngakhale madzi anali ofunda. Ndinayesa phazi linalo, zomwezo. Sopo tinalibe, koma ndinapitiriza kumutikita msana kuti amayi asaone nkhope yanga.

Lolemba m'kalasi, aphunzitsi akulemba pa bolodi, ndinatambasula dzanja n'kudinikiza mkono wa mnzanga ndi chala. Mnofu unalowa, n'kubwerera nthawi yomweyo.

"Iwe Nachete, ukundiyesa ngati papaya wa pamsika?" ananong'ona.

Ndinamuuza, mawu akutuluka zidutswazidutswa. Ndinamuuza za kadzenje, za tsitsi, ndi za mabisiketi ake amene ndinkati ndiwo anenepetsa mwana. Sanaseke.

"Amenewo si mafuta," anatero. "Ndi madzi."

Anati ku Lilongwe kuja, akudikira dokotala, anaona ana otero atagonekedwa m'chipinda china, otupa mapazi ndi nkhope, amayi awo akuwamwetsa mkaka ndi kasupuni. Mayi wina wokolopa anamugwira paphewa n'kumulozera anawo. "Taona anzako njala ikuwapha, iwe ukudya za anthu atatu." Anati kuyambira tsiku limenelo chakudya chinkamukhala pakhosi, komabe njala ya zotsekemera inkamugwira ngati ludzu.

"Pita naye kusikelo," anandiuza. "Usadikire, Nachete. Wina anamwalira ife tili pomwepo. Ndinamva kulira."

Ndinathamanga njira yonse yobwerera. Nditafika ndinapeza atsibweni, achimwene awo a amayi, atakhala pampando pansi pa mtengo wa mango, Bwana ali pamiyendo pawo. Kwathu mawu a atsibweni pa ana a mlongo wawo amalemera kuposa a bambo. Amayi anali atakhala pansi chapatali, mutu uli wowerama. Azakhali awiri a m'mudzi analiponso.

Atsibweni anali ataona kale kuti kumeneku sikunali kunenepa. Iwo anati ndi tsempho. Panthawiyo sindinkadziwa bwino tanthauzo lake. Ndinangomva kuti abambo "amusempha" mwana, kuti kutsidya kwa malire kuli akazi ogulitsa mowa pafupi ndi minda ya fodya, ndipo bambo akalakwa kumeneko thupi la mwana wake limatupa kuno. Amayi ankalira mosatulutsa mawu.

"Mankhwala alipo," anatero atsibweni, "koma ayenera kumumwetsa bambo ake ndi manja awo, ataulula. Ndatuma uthenga ndi anyamata a kabaza opita kumalire. Mpaka abwere, mwanayu asapite kuchipatala. Mwana wa tsempho akangolawa jakisoni, basi, mwamutaya."

Sanali munthu wankhanza. Anali atagulitsa tambala wawo yekhayo kuti apeze mizuyo, ndipo polankhula ankasisita mutu wa mwana. Iwonso masaya anali atalowa. Koma uthenga wopita ku Zambia unkatha kuyenda sabata, ndipo palibe amene ankadziwa munda weniweni umene abambo anali.

Ndinagwada pambali pawo. Mawu anali pakamwa, okonzeka: si tsempho, ndi njala, ndi madzi. Ndinatsegula pakamwa.

"Atsibweni..."

"Nanga, mayi?" anandifunsa atsibweni.

Maso onse anali pa ine.

"Ndimati... ndikutengereni madzi akumwa?"

Alendo atapita, ndinapeza amayi kukhitchini akusadzula nkhwani. Kumeneko, tili awiri, ndinalimba mtima. Sindinalankhule zambiri. Ndinabweretsa Bwana, ndinatenga chala cha amayi n'kuchidinikiza pa phazi lake, ndipo tonse tinayang'ana kadzenje kaja. Ndinawauza zimene mnzanga anaona ku Lilongwe, za mkaka wa pa kasupuni, ndi za kulira kumene anamva.

"Nanga jakisoni akamupha?" anafunsa amayi, osandiyang'ana.

Ndinamunyamula Bwana n'kumukhazika pamiyendo panga.

"Atsibweni ako alankhula. Ine ndingawadutse bwanji? Chitachitika china, mudzi uno ndingakhalemo?" Anapukuta maso ndi nsonga ya chitenje. "Zimenezi usakauze munthu."

Kunja kunkagwa kamvula kowaza. Tinakhala pansi kudya. Bwana anameza masupuni awiri a phala n'kutembenuza nkhope, ndipo kupuma kwake kunkamveka ngati munthu akukoka udzu wouma.

Lero ndine mayi wa ana anga, ndipo ndikudziwa zimene ndinalibe nazo mawu nthawi imeneyo. Mlongo wanga anachira atagonekedwa m'chipatala milungu ingapo. Atatuluka ankamupatsa chiponde cha m'timapaketi, chopangidwa ndi mtedza, mbewu yomwe ija tinalima tokha n'kuikweza pa malole a mavenda. Ndi wamfupi kuposa tonse m'banja mwathu, ndipo sukulu inamuvuta. Mnzanga uja anayamba kudzibaya jakisoni wa shuga asanakwatiwe n'komwe. Ana awiri, mtunda woyenda wapansi pakati pawo, onse kudwala chifukwa cha chakudya, ndipo onse kuyamikiridwa kuti akuoneka bwino. M'mudzi tinkafunafuna wolakwa m'nyumba mwathu momwe. Palibe anafunsa kuti bisiketi inayenda bwanji kuchokera kutsidya kwa nyanja mpaka pa Kamwendo, pamene thumba la chimanga linkalephera kufika pakhomo pathu.

Koma madzulo amenewo zonsezi sindinkazidziwa. Ndinkangodziwa kuti mawa lake, Lachiwiri, a zaumoyo amabwera kudzayeza ana pansi pa mtengo wa kutchalitchi, ndipo amene apezeka wodwala amamutumiza kuchipatala tsiku lomwelo. Ndinkadziwanso kuti ngati atsibweni ankanena zoona, jakisoni akanamupha mwana, ndipo womupha ndikanakhala ine.

Dzuwa litangolowa, amayi anayamba kulankhula akutsuka mbale, nkhope atalozetsa kukhoma.

"Mawa ndilawirira ku ganyu wobandira kwa Chiosya. Ndi kutali, ndibwera kutada. Atsibweni akonso akuti apita kudimba. Iwe kusukulu usapite, ukhale ndi mwanayu."

Kenaka analowa kuchipinda. Ndinamva akutsegula sutikesi imene ankasungamo zovala za kutchalitchi. Atatuluka anayala chitenje chawo cholimba, chija choberekera maulendo aatali, pa chingwe cha pakhonde, ngakhale sichinali chonyowa. Ndipo pa zenera, pafupi ndi pamene ndinkagona, panali kabuku ka sikelo ka Bwana, kamene sikankatuluka m'sutikesi chisawawa.

Ndinati amayi aiwala. Ndinachita mantha kuti akumbukira n'kukabweza, choncho ndinakabisa msanga pansi pa mphasa ngati mbala. Zinanditengera zaka zambiri, mpaka nditabereka mwana wanga woyamba, kuti ndizindikire kuti amayi sankaiwala kanthu.

Kuwala kusanathe ndinatenga kope langa n'kulemba kuti: "Mawa amayi akangochoka ndimubereka Bwana. Ndidzera njira ya kumunda kuti azakhali asandione. Akandifunsa a zaumoyo, ndilankhula mokweza."